"Mvula ya Nyenyezi" Kapena Kuyoyoka kwa Nyenyezi? Kuunika Kamasuliridwe ka Mau a Zakuthambo Potengera za ku Ng'ombe

1. Mau oyamba

M'nkhani ino tifuna kuunika mau akuti "mvula ya nyenyezi", amene masiku ano amamveka pakamwa pa aphunzitsi ena ndi pa ophunzira athu a zauphunzitsi akamafotokoza m'Cinyanja cimene m'Cingerezi amati meteor shower. Mauwa sanabadwire m'cinenero cathu; anacita kutengedwa ku Cingerezi ndi kubvekedwa malaya a Cinyanja. Kutero pakokha si mlandu, pakuti alipo mau ambiri opangidwa ndi omasulira, monga "nyumba ya malamulo", amene anakhazikika kotero kuti lero palibe amene amawayesa alendo. Mlandu wa mau amene tikuwazengawa ngwakuti amauza mwana zinthu zimene sizicitika kumwambako, ndipo amakankhira pambali aneni awiri a makolo, kuthothoka ndi kuyoyoka, amene amanena zoona za nkhaniyi kuposa Cingerezi cimene tikutsanziraco.

Zitsanzo zathu tazitenga m'komboni ya Ng'ombe mu Lusaka, imene inagundana ndi Roma ndi Kalundu, ulendo waufupi kucokera pa yunivesite. Kumeneko ana a makolo olankhula Cinsenga, Cicewa, Cibemba, Citonga ndi Citumbuka amasewera pamodzi m'Cinyanja ca m'tauni, ndipo liu lililonse limene tifuna kuti lilowe m'kalasi liyenera kuyamba lapambana mayeso a m'tinjira ta kumeneko. Cifukwa cina cosankhira Ng'ombe ndi mdima. M'caka ca 2024 cilala cinacepetsa madzi pa Kariba, boma linalengeza za tsoka la dziko lonse pa 29 Febuluwale, ndipo kuyambira mu Malichi magetsi anayamba kuzimitsidwa kwa maola ambiri tsiku ndi tsiku. Anthu anasauka nazo, makamaka ometa tsitsi, owocherera zitsulo ndi ena a tinchito todalira magetsi. Komabe m'kati mwa mabvuto omwewo thambo limene kuwala kwa tauni kunalibisa linaonekanso, ndipo ana obadwira m'komboni anayamba kufunsa mafunso amene mphunzitsi wa Cinyanja ayenera kukhala ndi mau owayankhira.

2. Cimene cimacitika kumwamba

Tisanaweruze mau, tiyenera kugwirizana za cinthu cimene mauwo akuloza. Nyenyezi ya mcira, monga ija ya Halley imene inaoneka mu 1910 ndi mu 1986 ndipo idzabweranso mu 2061, ndi cibuluma ca madzi oundana osakanizika ndi fumbi ndi timiyala. Ikayandikira dzuwa imatenthedwa, madzi oundanawo amasanduka nthunzi, ndipo timiyala tija timamasuka ndi kumwazika m'njira yonse imene iyo imayendamo pozungulira dzuwa. Dziko lathu nalo limazungulira dzuwa, ndipo caka ndi caka, pa masiku omweomwewo, limadutsa pamene njira yake iyandikana ndi njira ya fumbi lija. Timiyalato, tambiri mwa ito tosaposa kambeu ka mcenga kapena ka mapira, timalowa mumpweya wokuta dziko pa liwiro loopsa, timatenthetsa mpweyawo ndi kupsa tokha pa mtunda wa makilomita pakati pa 80 ndi 120 kucokera pansi. Kamzere kowala kamene maso athu amaona kwa kanthawi ndiko kupsako. Amene anatsimikiza ubale wa timiyalati ndi nyenyezi za mcira ndi Giovanni Schiaparelli wa ku Italy mu 1866, pamene anaonetsa kuti timiyala ta mu Ogasiti timayenda m'njira imodzi ndi nyenyezi ya mcira ya Swift-Tuttle, imene inaoneka mu 1862.

Fumbi la Halley dziko limakumana nalo kawiri pa caka: ca pa 5 ndi 6 Meyi, pamene akatswiri amati ndi Eta Aquariids, ndi ca pa 21 ndi 22 Okutobala, pamene amati ndi Orionids. Timiyala take timalowa mumpweya pa liwiro la makilomita pafupifupi 66 pa sekondi imodzi. Kwa ife okhala mu Lusaka za mu Meyi ndizo zabwino koposa, popeza mvula imakhala itatha, utsi wa lupsa ndi fumbi la cilimwe zisanayambe, ndipo malo amene kuwalako kumaoneka ngati kukucokera amakhala atakwera bwino kum'mawa pakati pa 3 koloko ndi 5 koloko m'mbandakuca.

Mu 2024 mwezi watsopano unali pa 8 Meyi, ndiye kuti usiku wa pa 5 ndi pa 6 thambo linali bii kufikira kutatsala pang'ono kuca. Wolemba nkhani ino anali pakati pa anthu ocepa amene anadzuka usiku umenewo pabwalo la nyumba ina mu Ng'ombe, ndipo cimene anacherera khutu kwenikweni ndi mau a anzake. Gogo wina wocokera ku Katete, pamene kamzere koyamba kanadutsa, anati: "Yathothoka." Ana aang'ono anati: "Yagwa! Ina yagwa!" Mtsikana wa ku sekondale anawauza kuti zimenezi ndi mvula ya nyenyezi, pakuti ndi mmene anamvera kusukulu. Patapita theka la ola mlongo wake wamng'ono anafunsa mafunso awiri: mvulayo iyamba nthawi yanji, ndipo nyenyezi zagwazo akazitole kuti kukaca. Mafunso onse awiri ngoyenera, ndipo onse anabadwa m'mau amene mwanayo anapatsidwa.

3. Mlandu wa "mvula"

Liu lakuti shower m'Cingerezi ndi lopepuka. Limanena kuwaza kwa kanthawi, ndipo eni ake amaligwiritsa nchito ponena za mbaliwali za moto, za mphatso, ngakhale za kusamba. Mvula m'Cinyanja si liu lopepuka. Mvula ndiyo imene makolo ankapempha kwa Makewana ku Msinja ndi kwa Mbona ku Khulubvi. Ndiyo imagawa caka, ndiyo imene inasowa mu 2024 mpaka magetsi kuzima. Imacokera m'mitambo, imafika pansi, imanyowetsa, ndipo ikagwa palibe amene amawerenga madontho ake. Pa zinthu zonsezi palibe ngakhale cimodzi cimene cili coona pa nkhani yathu.

Tiyambe ndi kuculuka. Akatswiri amawerengera kuti Eta Aquariids zikafika pacimake, munthu woima pa malo a mdima weniweni angaone pafupifupi 50 pa ola, kumene kuli kusakwana imodzi pa mphindi. Woima pakati pa nyumba zothinana, makoma ndi madenga zikumuchinga mbali ya thambo, amaona zocepa kuposa pamenepo. Mwana amene walonjezedwa mvula amayesa kuti wanamizidwa, namabwerera kukagona. Tibvomere kuti zilipo zaka zina zimene liu la mvula likadayenera. Usiku wa pa 12 kucezera pa 13 Novembala 1833 anthu a ku North America anaona Leonids zikwizikwi pa ola, ndipo zotere zinacitikanso pa 17 Novembala 1966, cifukwa nyenyezi ya mcira ya Tempel-Tuttle imabwerera pa zaka 33 zilizonse ndi kusiya fumbi latsopano lothithikana. Koma zimenezi ndi za kamodzi pa mbadwo. Tikapereka liu la mvula ku zocitika za caka ndi caka, tidzasowa liu pa tsiku limene zenizenizo zidzabwera.

Funso laciwiri la mwana uja, lakuti akatole kuti, likuonetsa bvuto lalikulupo. Timiyala ta nyenyezi ya mcira timapsa tonse kumwamba. Palibe cofika pansi. Miyala imene imafikadi pansi ndi nkhani ina, ndipo yambiri mwa iyo imacokera ku matanthwe ozungulira dzuwa pakati pa Mars ndi Jupiter. Umodzi unagwa ku Monze pa 5 Okutobala 1950. Wina, wolemera makilogalamu 93, unagwa ku Machinga m'Malawi pa 22 Januwale 1981. Ndipo ku Mbozi m'Tanzania, kufupi ndi malire athu a ku Nakonde, kuli cimwala cacitsulo ca matani pafupifupi 16 cimene eni dziko amacicha kimondo m'Ciswahili. Mphunzitsi ayenera kusiyanitsa mwala wogwa kumwamba, umene munthu angaugwire, ndi kuwala kwa kamwala kopsera m'mwamba. Liu la mvula limasakaniza ziwirizi, pakuti mvula yosafika pansi m'cinenero cathu kulibe.

Pali kanthu kena kamene olemba a kumpoto kwa dziko lapansi sakanakaganizira. Zoculuka koposa pa caka, Geminids, zimene zimaposa 100 pa ola ndipo zimacokera ku thanthwe lochedwa Phaethon lotulukiridwa mu 1983, zimafika pacimake pa 13 ndi 14 Disembala, m'kati mwa dzinja lathu. Mphunzitsi wa ku Ng'ombe adzakakamizika kuuza kalasi kuti sitinaone mvula ya nyenyezi cifukwa ca mvula. Ana adzaseka, ndipo adzakhala ndi cifukwa.

4. Kuthothoka ndi kuyoyoka

Tsopano tibwerere ku liu la gogo uja. Mneni wakuti thothoka ali ndi mnzake thothola, monga momwe alili thyoka ndi thyola, gumuka ndi gumula, tseguka ndi tsegula. Wothera ndi -ola kapena -ula amafuna wocita ndi cocitidwa: mai athothola nthenga za nkhuku. Wothera ndi -oka kapena -uka amangonena cimene cacitika: tsitsi lathothoka, batani la malaya lathothoka. Tikaika zitsanzozi pamodzi tiona kuti tanthauzo la tsinde lake lili ndi mbali zitatu zolukana. Pali cinthu cacikulu. Pali kanthu kakang'ono kamene kanali kophatikika pa ico. Kanthuko kalekana naco, cacikuluco n'kutsala cilipobe. Nkhuku yothothoka nthenga ikali nkhuku, ndipo malaya othothoka batani akali malaya.

Owerenga aone kuti umu ndi momwe Schiaparelli anapezera. Nyenyezi ya mcira ya Halley ikalipo, ikuyenda kutali kuseri kwa Neptune, ndipo cimene timaona mu Meyi ndi tizidutswa timene tinathothoka pa iyo kalekale. Sitikunena kuti makolo ankadziwa za njira za nyenyezi za mcira. Tikunena kuti iwo anapenyetsetsa naona kuti, ngakhale kuwala kudutse kangati, m'mawa mwake Nsangwe zimakhala zilipo zonse ndipo thambo silicepa, ndipo anasankha mneni wogwirizana ndi cimene anaonaco. Mneni wakuti gwa, amene ana aja anagwiritsa nchito, alibe mbali imeneyi. Cinthu cikagwa cimagwa conse, ndipo cimakagwera penapake.

Mbali ina ya mneniyu ikukhudza malamulo a cinenero. Stanley Dubinsky ndi Silvester Ron Simango mu 1996, ndiponso Sam Mchombo m'buku lake la 2004 lonena za kapangidwe ka ziganizo za Cicewa, anaonetsa kusiyana kwa msintho wocitidwa ndi msintho wocitika. Msintho wocitidwa umasunga malo a wocita ngakhale asachulidwe: tikati "citseko catsegulidwa", womva ali ndi ufulu wofunsa kuti ndi yani. Tikati "citseko catseguka", funso limenelo silibwera. Aneni othera ndi -oka amatsata njira yaciwiriyi. M'midzi yambiri, ndi m'makomboni momwe, mumamveka kuti kuwala kotere ndi ndege ya mfiti, kapena kuti kwinakwake kwafa munthu wamkulu. Zikhulupiriro zimenezi zili ndi malo ake m'maphunziro a cikhalidwe, ndipo sitikuzinyoza. Koma ndi cinthu coyenera kucizindikira kuti mneni wa makoloyo saloza munthu cala. "Yathothoka" safuna wothothola. Mphunzitsi wa sayansi amene afuna kufotokoza cocitika cacilengedwe popanda wocicititsa apeza kuti galamala yamukonzera kale njira.

Kuthothoka kumanena za kamodzi. Nanga zikaculuka usiku umodzi? Pamenepa Cinyanja cili ndi yoyoka, mnzake wa yoyola. Masamba amayoyoka, maluwa a mango amayoyoka, mapira okhwima amayoyoka pa ngala. Mneniyu amanena za tinthu tambiri ting'onoting'ono tolekana ndi mwini wake pang'onopang'ono, kamodzikamodzi, kwa nthawi ndithu. Mwana amene wauzidwa kuti usiku uno nyenyezi ziyoyoka sayembekezera cimvula. Amadziwa kuti pansi pa mtengo woyoyoka masamba munthu amadikira, tsamba limodzi litsike, kenaka lina. Koposa apo, kuyoyoka kuli ndi nyengo yake. Mitengo imayoyoka masamba caka ndi caka pa nthawi yodziwika, ndipo palibe amene amathawira kwa sing'anga cifukwa ca ico. Mneniyu amanyamula yekha mfundo imene mphunzitsi amabvutika nayo koposa, yakuti zimenezi zimabwera pa masiku odziwikiratu.

Fanizo lofotokozera cifukwa cake lili pa msewu wa ku Ng'ombe komweko. Wogulitsa makala, amene m'tauni amati malasha, amadutsa panjinga ndi matumba obooka, ndipo tizidutswa timayoyoka m'njira yonse imene wadzera. Iye wapita kale, koma aliyense wodutsa msewuwo aponda pa mzere wakudawo, ndipo adzaupondanso pa malo omwewo nthawi iliyonse akadzadutsa. Malo a thambo amene kuwala kumaoneka ngati kukucokera, amene Denison Olmsted anawalongosola ataona za mu 1833, tingawache gwero, ndipo tingawafotokoze ndi mizere ya m'munda: mizereyo ndi yolingana, siikumana, koma woima kumapeto kwa munda amaiona ngati ikutuluka pa malo amodzi kutsidya.

Ena adzati mabuku a sukulu ndi mabuku otanthauzira mau amafuna dzina, pamene ife tapereka aneni. Yankho lake ndi lalifupi. Mphatikiram'mbuyo ku- amasandutsa mneni aliyense kukhala dzina la m'gulu la ku-kwa, ndipo "kuyoyoka kwa nyenyezi" ndi dzina lokwanira, lotha kukhala mutu wa phunziro ndi mwininkhani wa ciganizo. Palibe cifukwa copekera "ciyoyoko" kapena liu lina lacilendo. Ndi zoona kuti pa kudetsedwa kwa dzuwa tili ndi dzina limodzi, kadamsana, limene aliyense mu Lusaka analichula pa 21 Juni 2001, ndipo mbiri ya Angoni imakumbukira kadamsana wa mu Novembala 1835 pamene Zwangendaba anaoloka Zambezi. Koma kadamsana amaonedwa ndi mudzi wonse pamodzi, amakhala mphindi zingapo, ndipo anthu amawerengerapo zaka. Kuthothoka kwa nyenyezi kumatha munthu asanaloze cala. Cinenero cinapatsa coyamba dzina ndi caciwiri mneni, ndipo sicinalakwe.

5. Kodi si bodza kuti "nyenyezi"?

Mtsutso wamphamvu koposa ndi uwu: ngati tikana mvula cifukwa si mvula, bwanji tisunga nyenyezi pamene si nyenyezi? Mtsutsowu umaganiza kuti nyenyezi ya m'Cinyanja ndi cimodzimodzi ndi star ya m'buku la sayansi, ndiko kuti dzuwa lakutali. Koma liu lathu ndi la pa tsinde limodzi ndi nyezimira, ndipo limaloza maonekedwe: kanthu kowala pa thambo la usiku. Nthanda ndi nyenyezi m'Cinyanja, ngakhale akatswiri amati ndi pulaneti ya Venus. Ya mcira nayo ndi nyenyezi. Agiriki akale anacita cimodzimodzi, pakuti mau a Cingerezi akuti planet ndi comet anacokera ku mau ao onena za nyenyezi zoyendayenda ndi nyenyezi ya tsitsi. Nchito ya mphunzitsi ndi kugawa gulu lalikululi m'magulu aang'ono, monga amagawira nyama kukhala zoyamwitsa ndi zokwawa popanda kutaya liu lakuti nyama. Mwana angaphunzire kuti nyenyezi zina ndi madzuwa, zina ndi mapulaneti, zina ndi timiyala topsa, ndipo sanataye liu lililonse limene anabwera nalo kucokera kunyumba.

Cizolowezi coyesa mau a makolo ndi muyeso wa buku la Cingerezi cimatilanda zambiri. Alice Werner analemba nthano ya Anyanja yakuti mwezi uli ndi akazi awiri. Chekechani, nyenyezi ya m'mawa, amakhala kum'mawa ndipo amamana mwamuna wake cakudya mpaka kuonda. Puikani, nyenyezi ya madzulo, amakhala kumadzulo ndipo amamudyetsa mpaka kunenepa. Woweruza mofulumira adzati nthanoyi ndi yolakwa, popeza akazi awiriwo ndi pulaneti imodzi. Woweruza modekha adzaona kuti mwezi woonda umene ukunka kukafa umaoneka kum'mawa m'mbandakuca, ndipo mwezi woonda umene ukuyamba kukula umaoneka kumadzulo dzuwa litangolowa. Nthanoyi ndi phunziro lolondola la kayendedwe ka mwezi lonenedwa m'mau a mitala. Mwezi umene unatuluka ku Ng'ombe pa 6 Meyi kutatsala pang'ono kuca, woonda ngati cikwakwa, unali wa m'nyumba ya Chekechani.

6. Omasulira Baibulo

Pa nkhani ya maina a nyenyezi omasulira Buku Lopatulika, limene linatuluka lathunthu mu 1922 motsogoleredwa ndi William Murray wa ku Nkhoma, anatipatsa citsanzo cimene ife a masiku ano tacisiya. Atafika pa Yobu 38:31 ndi pa Amosi 5:8, pamene Cingerezi cili ndi Pleiades ndi Orion, iwo sanabwereke mau. Anafunsa eni cinenero, nalemba Nsangwe ndi Akamwiniatsatana. Dzina laciwirili ndi ciganizo cathunthu cokhala ndi dzina ndi mneni, lotengedwa ku mwambo wa cikamwini, ndipo limajambula nyenyezi zitatu zondondozana. Tingawadzudzule kuti anatambasula dzina la nyenyezi zitatu kuti likwane gulu lonse la Orion, koma njira yao inali yoongoka: anayamba ndi cimene woyang'ana kumwamba amanena. David Clement Scott wa ku Blantyre anatsata njira yomweyo m'buku lake lotanthauzira Cimang'anja la 1892, ndipo Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa ku Zomba wa 2000 unatsimikiza kuti cinenero cingadzifotokoze cokha popanda kutsamira Cingerezi.

Baibulo likukhudza nkhani yathu m'njira inanso. Marko 13:25 ndi Cibvumbulutso 6:13 amanena za nyenyezi zakugwa kucokera kumwamba monga cizindikiro ca cimariziro, ndipo mpingo wa Seventh-day Adventist, umene unafika m'dziko lino pa Rusangu kufupi ndi Monze mu 1905, umaphunzitsa kuti za mu 1833 zinali kukwaniritsidwa kwa cizindikiro cimeneco. Za cikhulupiriro si zathu kuweruza muno. Cimene cikutikhudza ndi cakuti m'komboni imene machalichi ali pa ngodya iliyonse, mwana womva za mvula ya nyenyezi zakugwa amamva mau a tsiku lomaliza, ndipo ena amacita mantha enieni. Mphunzitsi amene ali ndi liu losiyana la zocitika za caka ndi caka angaphunzitse phunziro lake popanda kulimbana ndi abusa kapena ndi makolo.

7. Cinyanja ca m'buku ndi ca m'komboni

Sitingabise kuti kuthothoka ndi kuyoyoka ndi mau a Cinyanja ca ku Katete, Chadiza ndi Chipata, cimene ana a mu Lusaka amati ndi Cicewa cozama. Usiku uja ana aja sanawagwiritse nchito. Koma pamene gogo anati "yathothoka" palibe mwana amene anafunsa tanthauzo lake, pakuti tsitsi ndi mabatani zimathothoka ndi m'tauni momwe. Liu limene mwana amalimva koma salilankhula ndilo liu loyenera kuphunzitsidwa m'kalasi. Kulikana cifukwa ndi lakumudzi ndi kusiya nchito imene tinalembedwera.

Nkhaniyi ili ndi kulemera cifukwa ca ndondomeko za boma. Kuyambira mu 1966 Cingerezi cinali cinenero cophunzitsira kuyambira giredi 1. Ndondomeko ya 1996 inalola kuti mwana ayambe kuwerenga m'cinenero cimene acidziwa, ndipo kuyambira mu 2014 Cinyanja cinakhala cophunzitsira m'magiredi 1 mpaka 4 m'cigawo ca Lusaka ndi ca Kum'mawa. Ndondomeko ya 2023 inabwezeretsa Cingerezi pamalo oyamba, nisiyira zinenero za Zambia nchito yothandiza kufotokoza. Kufotokoza kumeneku ndiko kumene mau onga "mvula ya nyenyezi" amabadwira: mphunzitsi ali ndi buku la Cingerezi m'manja, ana amuyang'ana osamva, ndipo iye amasulira pomwepo liu ndi liu. Sitingamuimbe mlandu ngati ife amene tinamuphunzitsa sitinamupatse mau ena.

Cimene ana a ku Ng'ombe anali naco cocuruka usiku uja ndi mivekero. Wina anati inangoti ng'ani, wina anati inati pyuu n'kuti zii, ndipo pa ina yowala kwambiri, imene inasiya kamzere kooneka kwa masekondi angapo, wina anati kunati mbee. C. M. Doke anapatsa mau a mtundu umenewu dzina lao la ukatswiri mu 1935, Andrew Kulemeka anawafufuza m'Cicewa mu 1993, ndipo Ernst Wendland anaonetsa momwe Julius Chongo ankamangira nawo nkhani zake za pa wailesi za Poceza m'Madzulo. Komabe m'kalasi la sayansi mvekero umayesedwa cibwana. Ife tikuona kuti ng'ani akunena za kufupika kwa nthawi, pyuu za liwiro, zii za kuzimiririka kosasiya kanthu, ndipo mbee za kukula kwa kuwala. Izi ndi zinthu zomwezo zimene openda thambo amalemba m'mabuku ao pa nyenyezi iliyonse yothothoka. Mphunzitsi wocenjera angayambe ndi mivekero ya ana, n'kuwafunsa kuti ng'ani imodzi ndi masekondi angati.

Catsala ndi maina a kuyoyoka kosiyanasiyana kwa pa caka. Maina onga Orionids ndi Perseids amangoloza gulu la nyenyezi limene gwero lili, ndipo pamene gululo lili ndi dzina lathu tingaligwiritse nchito. Kuyoyoka kwa mu Okutobala gwero lake lili kufupi ndi Akamwiniatsatana, ndipo kwa Taurids kwa pakati pa Novembala, kocokera ku fumbi la m'njira ya nyenyezi ya mcira ya Encke, gwero lake lili pambali pa Nsangwe. Kwina konse dzina la mwezi likwanira: kuyoyoka kwa mu Meyi, kuyoyoka kwa mu Disembala. Pamodzi ndi mau tiyenera kuunikanso kalendala imene timabwereka. Mabuku olembedwa ku Europe ndi ku America amatama Perseids za pa 12 ndi 13 Ogasiti, cifukwa kumeneko gwero lake limakwera pamwamba m'nyengo yofunda. Mu Lusaka gwero limenelo silikwera kupitirira madigiri 17 pamwamba pa cizimezime ca kumpoto, ndipo Ogasiti ndi mwezi wa mphepo, fumbi ndi utsi wa lupsa. Mwana wa ku Ng'ombe amene watumidwa kukayang'ana gwero limenelo adzapeza kuti labisika kuseri kwa denga la malata la nyumba yoyandikana nayo.